Njala ya Lufeyo pa Kanema wa Mfumu

"Amayi, tatembenukani muone nokha!"

"Sinditembenuka."

"Akupitanso kuseri kwa chithunzi chija! Onse awiri! Kachitatu sabata ino!"

"Apite ngakhale kakhumi. Ine maso anga ali pa tomato wangayu, ndipo tomato sanandinamizepo."

"Inu mukufuna mtimawu undiphulikire pompano?"

"Ukaphulika, pabenchi akhala ndani? Tawapatsa anyezi akasitomalawo."

Amene ankakangana chonchi, dzuwa lili paliwombo pamsika wa Akuti, anali Enelesi ndi mayi ake, a Nachisale. Msika wonse unali utakweza zibwano kuyang'ana kanema wamkulu amene boma linapachika pakhoma la chipatala. A Nachisale okha ndiwo anali atafulatira, msana uli nji kuloza kanemayo, ngati munthu amene wakwiyira dzuwa.

Kuti mumvetse za msana umenewu, tiyambire kunyumba yachifumu, koma tisakhalitseko.

Ufumu wa Penyani unali ndi mfumu yokonda anthu ake kwambiri, moti inkafuna kuti anthuwo aziikumbutsa zimenezi tsiku ndi tsiku. Dzina lake linali Ndiyamikeni Wachiwiri. Chaka chimenecho mlatho wa Mawamawa unali utakokoloka kachitatu, m'chipatala munatsala thonje ndi kalendala basi, ndipo anthu anayamba kakhalidwe koipa koyang'anitsitsa zinthu. Amene anapeza mankhwala a matendawa anali a Zokometsera, Nduna ya Zoona ndi Zooneka Ngati Zoona.

"Mwinidziko," inatero ndunayo itagwada bondo limodzi pakhushoni yomwe inkayenda nayo, "vuto si maenje a mumsewu. Vuto ndi maso. Maso akakhala paulova amagwera m'maenje. Tiwalembe ntchito."

Motero munabadwa pulogalamu yapakanema ya Nyumba ya Choonadi. Anyamata ndi atsikana khumi ndi awiri anatsekeredwa masiku makumi atatu m'nyumba ya makamera makumi anayi, kuti azikhala mwachilengedwe, momwe alili, motsatira pepala lomwe unduna unkawapatsa m'mawa uliwonse. Wopambana ankayembekezera kulandira satifiketi yakuti ndi Munthu Weniweni wa Chaka. Lamulo linatuluka lakuti aliyense wokhala ndi maso aonere kuyambira masana mpaka dzuwa litapendeka, ndipo analemba asilikali apadera oonerera anthu oonerawo.

Sipanapite sabata, dziko linasintha. Amuna ankadzitsekera m'bafa n'kumauza khoma zakukhosi. Banja lina linavota kuti atsibweni awo atuluke pakhomo, ndipo atsibweniwo anatuluka akubayibitsa mbali zonse. Ogulitsa makala akamalira pamaliro ankapendeketsa nkhope kumbali yomwe amaoneka bwino. Ana asukulu ukawafunsa chomwe adzakhale akakula ankayankha kuti, "Munthu weniweni."

M'nyumba imeneyi ndimo munali Lufeyo, wokhoma ndowa ndi mbaula wa pamsika wa Akuti. Iye sanafunsire malowo. Galimoto ya unduna inangoima pashedi yake Lachinayi lina, bwana wina n'kuona mpata wa pakati pa mano ake, n'kunena kuti mpata umenewo ndi chuma cha dziko. Lufeyo anadandaula kuti ali ndi chitomero, ankhoswe anakumana kale.

"Mbiri yako isiye pakhomo pamodzi ndi nsapatozo," anatero a Zokometsera. "Ina tikupatsa m'katimo."

Ah, Lufeyo ndi Enelesi! Chikondi chawo chikanayenera kulembedwa pamitambo ndi inki yagolide, koma chinalembedwa pamalata. Chinayamba tsiku lomwe Enelesi anabweretsa ndowa yoti imatidwe. Lufeyo anaitembenuza, anaiunika padzuwa, anaithira madzi: inalibe bowo ngakhale la singano. Anaimatabe mosamala kwa ola lathunthu, osanena kanthu. Kuyambira pamenepo ankamukhomera timbaula, tosefera ufa, ndi kanyali kokhala ndi dzina lake loboola ndi msomali. Koma pakamwa pake sipanatulukepo mawu amene mtsikana aliyense amawayembekezera. Amene ananena mawuwo ndi amalume ake, pamkeka, akutsokomola, atasakaniza ndi nkhani ya mvula.

Tsono ku Penyani kuli mwambo umene ngakhale mafumu sanaugwedezepo. Mkamwini sadya apongozi ake aakazi akuona, ndipo awiriwo sayang'anana kumaso kufikira tsiku limene apongoziwo amuphera nkhuku n'kumuikira pamaso. A Nachisale anali atasankha kale thadzi lamawanga, ankhoswe atagwirizana za Loweruka. Galimoto ija inafika Lachinayi.

Ndiye taonani zimene ulemu unachita. Lufeyo, podziwa kuti lamulo likukakamiza apongozi ake kuonera, sankakhudza chakudya pamaso pa kamera. Mpunga, soseji, chipisi, zonse zinkamudutsa pamphuno iye atapinda manja. A Nachisale nawo anafulatira kanema kuti mwana wa eni adye momasuka. Wina ankagona ndi njala chifukwa cha maso amene sankamuona. Wina ankapsa msana ndi dzuwa chifukwa cha pakamwa pamene sipankatafuna.

Malo amodzi okha m'nyumbamo ndi amene kamera sinkafika. Pabalaza panaimikidwa chithunzi cha Mfumu chachitali ngati chitseko cha tchalitchi, ndipo malamulo a dziko ankaletsa kujambula Mfumu chakumbuyo. Kuseri kumeneko ndi kumene Sofileti, mtsikana wina wa m'nyumbamo amene ankangofuna kutchuka kuti akatsegule saluni, ankapititsira Lufeyo mtedza ndi zidutswa za mbatata zobisa m'duku. Dziko linkangoona awiriwo akulowa kuseri, kenako Lufeyo akutuluka akupukuta milomo. Nthawi ya chakudya Lufeyo akamayang'ana mbale ya Sofileti ndi maso onyowa, ojambula ankadula mbaleyo n'kuikapo nyimbo ya gitala.

"Si chikondi chimenecho?" analira Enelesi pabenchi paja. "Taonani wawonda ngati mpini!"

"Akuopa ine. Mwana uja analeredwa."

"Akuopa inu pakanema? Kanema ndi maso?"

"Ulemu sufunsa kuti maso ndi agalasi kapena anyama."

"Nanga kuseri kwa chithunzi kuja akukaopako ndani?"

Apa a Nachisale anayamba kupukuta tomato yemwe anali wopukuta kale.

Msilikali woonerera oonera anafika ndi chibonga chake. "Mayi, lamulo likuti muonere."

"Ndikuonera ndi makutu, mwana wanga. Lamulo silinatchule chiwalo."

"Asiyeni, achimwene," analowererapo a Yotamu, ometa tsitsi pansi pa mtengo wa mbawa. "M'dziko muno munthu mmodzi aziyang'anako kwina, kuti moto ukabuka atiuze."

Nkhani ya kusadya kwa Lufeyo inafika kubwalo la nduna tsiku la makumi awiri. Msonkhanowo unatenga masiku atatu, koma ife tilibe nthawi yomvera malonje onse, titole pofunika pokha.

Nduna ya Chitetezo inati mnyamatayo akunyanyala chakudya pofuna kugwetsa boma, amangidwe. Nduna ya Zaumoyo inati ndi njoka zam'mimba, ndipo ikanamupatsa mankhwala akanakhalapo. Kenako anadzuka a Sizitero, Mlangizi wa Miyambo, amene ankaitanidwa kumisonkhano chifukwa chovala chawo chinkaoneka bwino pazithunzi.

"Mwinidziko, ine ndimati mwina mwanayu ali ndi apongozi kunjaku."

"Kafukufuku wathu waonetsa kuti oonera sakonda apongozi," anawadula a Zokometsera. "Mwinidziko, ichi ndi chikondi. Mnyamatayu wakhuta Sofileti. Ndipo taonani mwayi umene watigwera. Kwa zaka zambiri adani athu akhala akunena kuti m'dziko muno muli njala. Lero tadziwa zoona zake. Anthu anu sakudya chifukwa ali m'chikondi!"

Bwalo lonse linaimirira. Mfumu inapukuta msozi ndi mchira wa nkhwazi yosema pandodo yake.

"Kodi anthu anga amakondana chonchi?"

"Maka kumidzi, Mwinidziko. Kumeneko ena amakondana mpaka kukomoka."

Tsiku lomwelo malamulo awiri analengezedwa. Loyamba linathetsa mawu akuti njala m'mabuku onse a boma. Lachiwiri linati pa tsiku lomaliza la pulogalamu Lufeyo akwatire Sofileti pamaso pa dziko lonse, Mfumu yomwe ikhale nkhoswe ya mbali zonse ziwiri.

Kumsika wa Akuti anthu anazilandira mwaulemu. "Kwathu tili m'chikondi chiyambire Januwale," anatero a Yotamu akunola lumo. "Ana akulira nacho usana wonse."

Enelesi yekha sanaseke. Anakhala pansi pa benchi atakumbatira kanyali kaja. Ukwati wolamulidwa ndi Mfumu sumasulidwa, ndipo kunatsala masiku asanu ndi awiri. Anaganiza zolemba kalata, koma m'nyumbamo simunkalowa kalata. Anaganiza zokadziponya pachipata, koma pachipatapo panali kale mzere wa atsikana odziponya, ndipo ankapatsidwa manambala.

Mwayi unabwera wokha, pagalimoto yomwe ija. Makolo enieni a Sofileti anali atakanidwa ndi unduna chifukwa bambo ake anali onenepa ndipo mayi ake ankaseka pafupipafupi. Choncho a Zokometsera anabwera pamsika kudzasankha mayi wooneka weniweni, wodziwa kulira paukwati. Amayi makumi asanu anandanda pamzere, aliyense akulira mwa luso lake. Ndunayo inkangopukusa mutu, mpaka inaona msana uja pabenchi ya tomato.

"Imani! Msana uwo! Taonani mavuto ali pamsana uwo! Mayi, mungakhale apongozi a Lufeyo kwa tsiku limodzi?"

A Nachisale anatsegula pakamwa, koma Enelesi anawaponda chala.

"Angathe, bwana. Koma ndi amanyazi, amayenda chafutambuyo. Pafunika ine ndiziwatsogolera."

"Chafutambuyo! Zachikhalidwe zenizeni!" Ndunayo inalemba m'kabuku. "Tikupatsani nkhuku yathabwa yopaka vanishi, imawala bwino pakamera."

"Nkhuku tili nayo," anatero a Nachisale, osatembenuka.

Tsiku laukwati holo yachifumu inadzaza ndi maluwa apulasitiki ndi abale obwereka. Mfumu inakhala pampando wake wautali, makamera onse makumi anayi ali ndi timaso tofiira. Sofileti anali atavala velo lalitali ngati ukonde wa udzudzu. Lufeyo anaimirira pambali pake m'suti imene anamuyeza tsiku loyamba, tsopano ikumulendewera ngati yapachikidwa pamsomali. M'dzanja anamufumbatitsa kapepala kolembedwa kuti: Sofileti, dzuwa langa, ndiwe mpunga wa moyo wanga.

"Mwana wanga," inatero Mfumu, "dziko lonse lawonda nawe limodzi. Nena tsopano pamaso pa anthu anga: ukufuna chiyani?"

Ng'oma zinagunda. Chitseko chinatseguka kuti apongozi obwereka alowe. Munalowa Enelesi, atagwira mayi ake pamkono, iwo akubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, bakuli lokutidwa ndi nsalu lili m'manja.

Lufeyo anauzindikira msanawo nthawi yomweyo. Anali atauzemba m'tinjira ta msika kwa miyezi isanu ndi umodzi. Kapepala kanagwa. Anatembenuka msangamsanga, n'kugwada moyang'ana khoma, manja ali kumbuyo.

Tsono pakati pa holo panali misana iwiri yoyang'anana. Ojambula anathamanga uku ndi uku kusaka nkhope.

"Tembenuka, iwe!" ananong'ona mwaukali a Zokometsera. "Mayi, lirani! Tinagwirizana zolira!"

A Nachisale anakonza kukhosi, n'kulankhula moyang'ana chitseko. "Enelesi, uwauze bambo ali kukhomawo kuti masiku makumi atatu onsewa ine sindinawaone ngakhale khutu."

"Akuti sanakuone ngakhale khutu," anatero Enelesi mouma.

"Uwauze amayi," linayankha khoma, "kuti ine ndimayesa akuona."

"Akuti amayesa mukuona."

"Uwauze kuti nkhuku yawo inayenera kufa mwezi watha. Yanenepa mpaka yayamba mwano. Atembenuke."

Anatembenuka onse awiri, pang'onopang'ono ngati zitseko za dzimbiri. A Nachisale anagwada, anavundukula bakuli, n'kuliika pamaso pa mkamwini wawo. Fungo linadzaza holo yonse mpaka abale obwereka anaiwala mbali yomwe anabwerekedwera. Lufeyo anawomba m'manja katatu, anayang'ana apongozi ake kumaso koyamba m'moyo wake, kenako anagwira ntchafu ya nkhuku.

Mmene anadyera mnyamata uja! Msuzi unatsikira m'chigongono n'kulowa m'suti ya boma. Misozi inkagwera m'bakuli. Ankatafuna, kuusa moyo, n'kutafunanso.

"Dulani! Dulani!" anakuwa a Zokometsera. "Izi sizikuoneka ngati zoona! Munthu weniweni sadya chonchi!"

Timaso tofiira tonse tinazima. M'dziko lonse la Penyani makanema anaonetsa chithunzi cha Mfumu ikumwetulira, ndi mawu akuti pachitika kavuto kochepa kachisangalalo. Kumsika wa Akuti anthu anachiyang'ana chithunzicho kwa mphindi makumi awiri, poti nthawi yolamulidwa kuonera inali isanathe.

"Lero Mwinidziko wasewera bwino," anatero a Yotamu. "Sanaphethire n'kamodzi komwe." Kenako, posowa choonera, maso awo anatsetsereka n'kugwera pakhoma la chipatala. "Kodi mng'alu uwu unalipo kale?"

Muholo muja Sofileti anali atavula velo n'kukhala pansi, phiko lili m'manja. "Achemwali," anauza Enelesi, "mwamuna wanuyu mumutenge. Duku langa lonse likununkha mbatata. Masiku makumi atatu kuseri kwa chithunzi, nkhani yake imodzimodzi: ndowa, ndowa, ndowa ya Enelesi."

Mfumu inali itatsika pampando. Popanda kamera inkaoneka yaifupi, ndiponso yanjala pang'ono. Inasuzumira m'bakuli n'kutambasula dzanja kuloza nthutumba.

"Pepani Mwinidziko," anatero a Nachisale, "imeneyo ndi ya mkamwini."

Mfumu inayang'ana a Sizitero. A Sizitero anagwedeza mutu, nkhope ikuwala ngati munthu amene wafunsidwa nzeru koyamba chilembedwere ntchito. Mfumu inabweza dzanja n'kutola khosi.

"Ndiye ukwati wanga uja?" inafunsa ikutafuna.

"Palibe anauona, Mwinidziko," anayankha a Zokometsera mofooka. "Ndipo malinga ndi malamulo a unduna wanga, chimene sichinaoneke sichinalamulidwe."

Enelesi sankamva zonsezi. Anali ataimirira pamaso pa Lufeyo, manja m'chiuno, mtima ukugunda ngati nyundo pamalata.

"Mfumu inakufunsa funso. Sunayankhe."

Lufeyo anayesa kuzemba. "Paja amalume ananena kale pamkeka paja kuti..."

"Ine sindikukwatiwa ndi amalume ako."

"Komatu amayi ali pompa."

"Nkhuku wadya. Ndilibenso msana wina wokupatsa," anatero a Nachisale. "Yankhula, bambo, tomato wanga akuvunda."

Lufeyo anayang'ana kudenga, kumakona, kuseri kwa maluwa. Panalibe kadiso kofiira ngakhale kamodzi, panalibe gitala, ndipo kapepala kaja kanali katamatirira kunsi kwa nsapato ya nduna. Anapukuta manja pasuti, anatola nthutumba ija, n'kuiika m'dzanja la Enelesi.

"Ndowa ija inalibe bowo," anatero.

"Ndikudziwa. Ndinaigula m'mawa womwewo."

"Ndinaimata ola lathunthu kuti usachoke. Enelesi, ine ndikufuna iwe."